Wamwamuna kapena wamkazi: zomwe makromozomu a abuluzi a m'madera otentha aulula

Padziko lapansi pali mitundu ya abuluzi yoposa 7,000, ndipo yochuluka mwa iyo imakhala m'madera otentha a Africa, Asia, Australia ndi America. M'gulu limeneli muli nalimata yemwe amasaka tizilombo pakhoma usiku, gulo wogwedeza mutu pamtengo, bilimankhwe, ng'azi ya m'mphepete mwa mitsinje, mpaka ng'azi yaikulu ya pachilumba cha Komodo ku Indonesia, yomwe imatalika mamita atatu. Kwa akatswiri a sayansi ya zamoyo, nyamazi zili ndi mbiri yapadera: zilibe lamulo limodzi lomwe zonse zimatsata pogamula kuti mwana wa m'dzira akhale wamwamuna kapena wamkazi. Mwa mitundu ina mlanduwu umagamulidwa ndi kromozomu yochokera kwa bambo, mwa ina ndi yochokera kwa mayi, mwa ina ndi kutentha kwa dothi lomwe mazira akwiriridwamo. Iliponso mitundu yomwe ilibe amuna n'komwe.

N'chifukwa chake buluzi wasanduka nyama yofunika kwa ofufuza momwe kusiyana kwa chachimuna ndi chachikazi kudayambira ndi momwe kumasinthira. Nkhaniyi ikukhudzanso tsogolo la nyamazi, popeza dziko likutentha, ndipo mtundu womwe umadalira kutentha ukhoza kupezeka ukuswa ana a mbali imodzi yokha.

Timitolo ta m'selo

Thupi la chamoyo lidapangidwa ndi maselo, ndipo m'kati mwa selo muli DNA, ulusi wautali wosunga malangizo a momwe thupilo liyenera kumangidwira ndi kugwirira ntchito. Selo likamagawikana, ulusiwu umadzikulunga n'kukhala timitolo tooneka pa maikulosikopu. Timitolo timeneti ndiwo makromozomu. Dzinali adalipereka ndi katswiri wa ku Germany, Wilhelm Waldeyer, mu 1888, kuchokera ku mawu awiri a Chigiriki otanthauza utoto ndi thupi, chifukwa timitoloti timagwira utoto msanga. Kachigawo ka DNA kosunga langizo limodzi kamatchedwa jini, akachuluka majini. Liwuli ndi lobwereka ndipo silikhudzana ndi majini otchulidwa pa nkhani za mizimu.

Munthu ali ndi makromozomu 46 okhala awiriawiri, theka lochokera kwa mayi, theka kwa bambo. Awiri mwa iwo ndiwo amasiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Mkazi ali ndi awiri ofanana, XX, pomwe mwamuna ali ndi X imodzi ndi ina yaing'ono yotchedwa Y. Dzira la mayi nthawi zonse limanyamula X, ndipo umuna wa bambo ndiwo umabweretsa X kapena Y, kotero kuti amene amaimba mlandu mayi chifukwa chobereka ana aakazi okhaokha amaloza chala polakwika. Mayi wa ku America, Nettie Stevens, ndiye adaonetsa mu 1905, pofufuza tizilombo ta mtundu wa chikumbu, kuti kusiyana kwa amuna ndi akazi kumayendera limodzi ndi makromozomu otere. Jini la pa Y lomwe limayambitsa kuti thupi la munthu likhale lachimuna, SRY, lidadziwika mu 1990.

Mbalame zidatembenuza dongosololi. Tambala ndiye ali ndi awiri ofanana, ZZ, pomwe thadzi lili ndi ZW, choncho mwa nkhuku dzira ndilo limagamula. Pafupifupi nyama zonse zoyamwitsa zasunga XY, ndipo mbalame zasunga ZW, kwa zaka zoposa 100 miliyoni osasintha. Abuluzi ali ndi madongosolo onse awiri, nthawi zina mwa mitundu yapachibale kwambiri.

Kuwerenga timadontho

Kuti aone makromozomu, ofufuza amatenga magazi pang'ono kapena kansonga ka mchira n'kulera maselo ake m'botolo. Kenako amathira mankhwala a colchicine, omwe amaimitsa selo pakati pa kugawikana, pa nthawi yomwe timitolo tanenepa. Maselowo amawaviika m'madzi a mchere wochepa kuti afufume, amawadonthezera pagalasi kuti aphulike n'kumwaza makromozomu, ndipo amawapaka utoto wa Giemsa. Chithunzi chikajambulidwa, makromozomu amasanjidwa awiriawiri kuyambira aakulu mpaka aang'ono. Ndandanda wotere umatchedwa karyotype.

Kuwerengako si ntchito yamasewera. Kwa zaka zoposa 30 mabuku ankaphunzitsa kuti munthu ali ndi makromozomu 48, chiwerengero chomwe adapeza Theophilus Painter wa ku Texas, kufikira mu 1956 pomwe Joe Hin Tjio ndi Albert Levan ku Lund, m'dziko la Sweden, adatsimikiza kuti ndi 46. Painter yemweyo adalembapo za makromozomu a abuluzi mu 1921, ndipo a abuluzi ndi ovuta kuposa a anthu. Abuluzi ambiri ali ndi makromozomu amisinkhu iwiri: ochepa aakulu ooneka bwino, ndi ena ambiri aang'ono ngati timadontho ta inki. Mitundu yambiri ya banja la iguana ili ndi 36, aakulu 12 ndi timadontho 24. Ng'azi zili ndi 40, aakulu 16 ndi timadontho 24. Kromozomu yosiyanitsa amuna ndi akazi kawirikawiri imabisala pakati pa timadonthoti, ndipo mwa mitundu yambiri X ndi Y, kapena Z ndi W, ndi zofanana msinkhu ndi maonekedwe. Kwa zaka makumi angapo, ofufuza ankayang'ana karyotype ya buluzi wamwamuna ndi ya wamkazi osaona kusiyana kulikonse.

Chifukwa cha kufananaku adachifotokoza ndi Susumu Ohno m'buku lake la 1967. Iye adati X ndi Y zimayamba ngati makromozomu wamba awiri ofanana. Imodzi ikakhala ndi jini logamula chimuna kapena chikazi, pang'ono ndi pang'ono imaleka kusinthana zidutswa ndi inzake, ndipo posowa pokonzera zolakwika, imayamba kutaya majini n'kufota. Y ya munthu idafota kwambiri. Ya abuluzi ambiri sidafike pamenepo.

Komabe padali mitundu yomwe kusiyanako kudaoneka. Abuluzi a gulu la Anolis, omwe alipo mitundu pafupifupi 400 pazilumba za Caribbean ndi ku Central ndi South America, ndiwo adatsegula njira. Mu 1966 George Gorman ndi Leonard Atkins adalemba za amuna a Anolis okhala ndi makromozomu osafanana. Mwa mitundu ina ya pazilumba za kum'mawa kwa Caribbean, wamkazi ali ndi 30 pomwe wamwamuna ali ndi 29. Palibe yomwe idatayika: Y idamatana ndi kromozomu ina wamba n'kukhala imodzi, kotero kuti wamwamuna ali ndi ma X awiri osiyana oyang'anizana ndi Y imodzi yaikulu.

Mazira a ku Dakar

Chaka chomwecho cha 1966, ku Dakar m'dziko la Senegal, mayi wa ku France, Madeleine Charnier, yemwe ankagwira ntchito pa yunivesite ya mumzindawo, adasindikiza lipoti lalifupi m'Chifalansa. Iye ankafufuza gulo wa mutu wofiira wa kumadzulo kwa Africa, Agama agama, ndipo adaona kuti mazira osungidwa pa madigiri 26 mpaka 27 ankaswa ana aakazi pafupifupi okhaokha, pomwe osungidwa pa madigiri 29 ankaswa aamuna okhaokha. Kusiyana kwa madigiri awiri kapena atatu okha kunkatembenuza chiwerengero chonse. Aka kadali koyamba kuti wina aonetse kuti kutentha kungagamule nkhaniyi mwa nyama yokhala ndi fupa la msana.

Lipotilo silidamveke patali. Lidatuluka m'chilankhulo chomwe ofufuza ambiri a ku America ndi Britain sankawerenga, pa nthawi yomwe chikhulupiriro cha akatswiri chidali chakuti makromozomu ndiwo amagamula mwa nyama zonse zamsana. Padalinso funso loyenera kufunsidwa: kodi kutentha kumasinthadi mwana wa m'dzira, kapena kumangopha a mbali imodzi n'kusiya enawo? Yankho lidabwera kudzera mwa akamba. Claude Pieau ku France adapeza zofanana kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo mu 1979 James Bull ndi Richard Vogt adaonetsa kuti zimachitikanso m'zisa zenizeni za m'mphepete mwa mtsinje ku America, osati m'makina ofungatira mazira mokha. Mazira ankaswa ochuluka kwambiri moti imfa ya mbali imodzi siyikadafotokoza zotsatirazo. Lero n'zodziwika kuti akamba ambiri ndi ng'ona zonse zomwe zafufuzidwa zimadalira kutentha. Jon Hutton, yemwe adafufuza ng'ona za ku Ngezi m'dziko la Zimbabwe, adalemba mu 1987 kuti zazimuna zimaswedwa makamaka pa madigiri a pakati pa 31 ndi 34, ndipo pansi pa apo zimaswedwa zazikazi. Mtundu wa ng'onawu ndi womwewo wa mumtsinje wa Shire.

Ulemu woyambitsa nthambi yonseyi ya sayansi ndi wa mayi Charnier ndi gulo wa ku Africa, ngakhale udachedwa kuperekedwa. Mu 2018 ofufuza a ku America, mmodzi mwa iwo Daniel Warner, adabwereza ntchito ya mayiyu pa agulo a mutu wofiira, koma poyesa madigiri ambiri. Adatsimikiza kuti kutentha kumagamuladi, ndipo adaonjezera mfundo yomwe madigiri awiri aja sakadaonetsa: akazi amachuluka kozizira komanso kotentha kwambiri, pomwe amuna amachuluka pakati. Mitundu yambiri ya abuluzi odalira kutentha imayendera dongosolo lomweli la akazi kumbali zonse, amuna pakati.

Momwe kutentha kumalowera m'thupi n'kotere. Mluza, womwe ndi mwana asadaumbike bwino, umayamba ndi chiwalo choberekera chosasankha mbali. Chikhoza kusanduka chopanga umuna kapena chopanga mazira. Pali nyengo, pafupifupi gawo lapakati mwa magawo atatu a nthawi yomwe dzira limatenga kuti liswe, pomwe kutentha kumapendeketsa chiwalocho. Nyengoyo ikadutsa, kutentha sikungabwezenso zomwe zachitika. Pakati pa ntchitoyi pali aromatase, chinthu chomwe thupi limapanga chosandutsa mahomoni achimuna kukhala achikazi. Aromatase akachuluka, pamatuluka wamkazi. Ofufuza akapaka homoni yachikazi pachikamba cha dzira amapeza wamkazi ngakhale pa kutentha kotulutsa amuna, ndipo akapaka mankhwala oletsa aromatase amapeza wamwamuna pa kutentha kotulutsa akazi. Mu 2018 kafukufuku wa akamba a m'madzi adaonetsa kuti jini lotchedwa Kdm6b limamva kutentha n'kutsegula jini lina, Dmrt1, lomwe limayambitsa chiwalo chachimuna. Dmrt1 lomweli ndilo lili pa kromozomu Z ya nkhuku. Zikuoneka kuti zida zomangira chimuna ndi chikazi n'zofanana mwa nyama zambiri. Chosiyana ndi dzanja lomwe limayatsa.

Nanga phindu losiyira dothi chigamulo chachikulu chotere n'chiyani? Eric Charnov ndi James Bull adapereka ganizo mu 1977 lakuti ngati kutentha kwina kumatulutsa mwana yemwe angachite bwino atakhala wamwamuna, ndipo kwina yemwe angachite bwino atakhala wamkazi, n'kwanzeru kuti chisankho chidikire mpaka dzira litamva malo omwe lili. Ganizoli lidakhala zaka 30 lisadayesedwe mokwanira mwa nyama zokwawa, chifukwa akamba ndi ng'ona zimachedwa kukula. Mu 2008 Daniel Warner ndi Richard Shine adaliyesa pa buluzi wa ku Australia wokula msanga, Amphibolurus muricatus. Pogwiritsa ntchito mankhwala oletsa aromatase adapanga amuna pa madigiri omwe mwachilengedwe amatulutsa akazi okha, n'kuwalera onse m'makola a panja. Amuna oswedwa pa kutentha komwe mwachilengedwe kumatulutsa amuna ndiwo adabereka ana ambiri kuposa amuna opangidwa pa kutentha kwa akazi.

Pomwe maso adalephera

Chithunzi cha makromozomu a abuluzi chidasintha pomwe ofufuza adayamba kuwerenga DNA yeniyeniyo m'malo moyang'ana timitolo. Mu 2011 Anolis carolinensis adakhala nyama yokwawa yoyamba kuwerengedwa DNA yake yonse, ndipo X yake idapezeka kuti ndi kamodzi mwa timadontho tija. Izi zidapatsa ofufuza mndandanda wa majini a pa X. Ngati jini lili pa X koma lidafufutika pa Y, wamkazi amakhala nalo kawiri, wamwamuna kamodzi, ndipo makina oyeza kuchuluka kwa DNA amaonetsa kusiyanako ngakhale maikulosikopu italephera.

Ndi njira imeneyi, Michail Rovatsos, Lukáš Kratochvíl ndi anzawo a pa Charles University ku Prague adaonetsa mu 2014 kuti mabanja ambiri a iguana, kuyambira a ku America mpaka a ku Madagascar, ali ndi X yofanana yomwe adatengera kwa kholo limodzi la nthawi yomwe ma dinosaur adali akadalipo. Wosiyana ndi basilisk wa ku Central America, buluzi wodziwika ndi kuthamanga pamwamba pa madzi, yemwe adapezeka mu 2019 kuti ali ndi XY yochokera ku makromozomu ena. Abuluzi osalala ndi onyezimira a banja la Scincidae, monga aja amizeremizere omwe amaothera dzuwa pamakonde, ali ndi XY yomwe yakhalapo kwa zaka zosachepera 85 miliyoni koma osafota kwenikweni. Mfundoyi ikuonetsa kuti kufanana kwa X ndi Y sikutanthauza kuti ndi zatsopano.

Ng'azi zili ndi ZW, ndipo W yake ndi kamodzi mwa timadontho. Ng'azi ya m'mitsinje ya Africa, Varanus niloticus, yomwe imapezekanso m'mbali mwa Shire ndi nyanja ya Malawi, imakonda kuboola chulu nthawi ya mvula n'kuikiramo mazira. Chiswe chimamata chibowocho, ndipo mazirawo amakhala pofunda ndi ponyowa kwa miyezi yambiri. Chulucho chimangolera, chigamulo chimakhala chitachitika kale m'dzira, kutengera ngati mayi adapereka Z kapena W. Dongosolo limeneli ng'azi zimagawana ndi abuluzi aululu a gulu la Heloderma a ku Mexico ndi United States, chizindikiro chakuti lakhalapo kwa zaka zoposa 100 miliyoni.

Magulu amenewa ndi okhazikika. Analimata ndiwo osakhazikika kuposa onse. Tony Gamble ndi anzake adagwiritsa ntchito njira ina: adadula DNA ya amuna angapo ndi akazi angapo m'tizidutswa tambirimbiri n'kufufuza topezeka mbali imodzi yokha. Tikapezeka mwa amuna okha, mtunduwo uli ndi Y. Tikapezeka mwa akazi okha, uli ndi W. Mu 2015 adalengeza kuti analimata asintha dongosolo kuchoka pa XY kupita pa ZW, kapena pa kutentha kupita pa makromozomu, pakati pa maulendo 17 ndi 25. Ngakhale m'gulu limodzi la analimata a m'nyumba, Hemidactylus, muli kusiyana. Wa ku Africa, Hemidactylus mabouia, yemwe amaoneka pamakoma a m'matauni a m'Malawi, ali ndi XY, pomwe mbale wake wa ku Asia, Hemidactylus frenatus, yemwe munthu wamba sangamusiyanitse naye, ali ndi ZW. Abilimankhwe nawonso adagawikana: a gulu la Furcifer a ku Madagascar ali ndi ZW, pomwe Chamaeleo calyptratus wa ku Yemen ali ndi XY.

Buluzi woyenda njira ziwiri

Kwa nthawi yaitali mabuku ankaika mitundu m'mabokosi awiri, la makromozomu ndi la kutentha, ngati kuti pakati pali khoma. Yemwe adagumula khomalo ndi buluzi wandevu wa m'madera ouma a pakati pa Australia, Pogona vitticeps, mbale wa gulo. Mu 2005 Tariq Ezaz ndi anzake adapaka DNA ya wamwamuna utoto wina wowala, ya wamkazi utoto wina, n'kuzithira pa makromozomu. Kadontho kamodzi ka wamkazi kadawala ndi utoto wachikazi wokha. Imeneyo idali W, ndipo buluziyu adalembedwa m'bokosi la ZW.

Patangotha zaka ziwiri, ofufuza a pa University of Canberra adapeza kuti lamulolo limagwira ntchito mpaka pa madigiri pafupifupi 32. Kupitirira apo, miluza ya ZZ, yomwe imayenera kukhala yachimuna, imayamba kusanduka yachikazi, ndipo pa madigiri 36 pafupifupi ana onse amaswedwa aakazi. Padatsala funso lakuti kodi zimenezi zimachitikanso kutchire. Mu 2015 Clare Holleley, Arthur Georges ndi anzawo adalengeza kuti mwa abuluzi 131 ogwidwa kutchire, 11 adali aakazi m'thupi koma okhala ndi ZZ. Akazi amenewa sadali osabereka. Ankaikira mazira pafupifupi kuwirikiza kawiri kuposa akazi a ZW, ndipo kafukufuku wina adapeza kuti ndi olimba mtima ngati amuna.

Chofunika kwambiri ndi chomwe chimachitika wamkazi wa ZZ akakumana ndi wamwamuna wa ZZ. Ana onse amakhala a ZZ, W palibe, ndipo chotsala chogamula ndi kutentha kokha. Mu m'badwo umodzi wokha, banja la buluzi lachoka m'bokosi la makromozomu n'kulowa la kutentha. Kratochvíl ndi Martina Pokorná adali atapereka ganizo mu 2009 lakuti makromozomu ogamula ali ngati msampha, mtundu ukalowamo n'kovuta kutuluka. Iguana, ng'azi ndi abuluzi osalala akuchitira umboni ganizolo. Buluzi wandevu akuonetsa kuti msamphawo uli ndi mpata, makamaka pomwe Z ndi W sizidasiyane kwambiri. Mpatawo umatsegukanso kumbali ya kuzizira: mwa Bassiana duperreyi, buluzi wosalala wa m'mapiri a ku Australia wokhala ndi XY, zisa zozizira zimasandutsa miluza ya XX kukhala yachimuna.

Amayi opanda amuna

Mu December 2006 magazini ya Nature idasindikiza nkhani ya ng'azi ziwiri za ku Komodo zosungidwa ku Britain. Flora wa ku Chester Zoo sadakhalepo ndi yaimuna, ndipo Sungai wa ku London Zoo adali atatha zaka zoposa ziwiri osakumana ndi yaimuna, koma onse adaikira mazira amoyo. Kuyeza DNA kudaonetsa kuti m'mazirawo mudalibe cha bambo. Ana oswedwa adali aamuna okhaokha, ndipo makromozomu ndiwo akufotokoza chifukwa chake. Mayi ndi wa ZW, ndipo dzira lililonse limatenga Z kapena W. Posowa umuna, theka la mayilo limawirikizidwa, ndipo pamatuluka ZZ kapena WW. Mluza wa WW sukhala ndi moyo chifukwa umasowa majini ofunika a pa Z. Otsala ndi a ZZ, amuna. Akatswiri akuganiza kuti mwa njira imeneyi ng'azi yaikazi yokokoloka ndi madzi n'kufika yokha pachilumba ikhoza kuswa amuna n'kuyambitsa nawo mtundu, ngakhale kuti mtundu wotere umakhala ndi magazi amodzi ndipo sulimba ku matenda. Sungai pambuyo pake adakumana ndi yaimuna n'kubereka mwa njira yanthawi zonse.

Kwa ng'azi, kubereka kotere ndi njira ya pangozi. Mitundu ina idasiyiratu amuna. Nalimata wa pazilumba za Pacific ndi Indian Ocean, Lepidodactylus lugubris, amaswa ana aakazi ofanana ndi mayi wawo. Selo lodzapanga dzira limayamba lawirikiza makromozomu ake lisadagawikane, choncho dzira limatuluka ndi chiwerengero chathunthu osafuna cha bambo. Ena ali ndi makromozomu 44, ena 66, kutanthauza magulu atatu m'malo mwa awiri, chizindikiro chakuti adachokera ku kusakanikirana kwa mitundu yosiyana. Popeza wamkazi mmodzi, ngakhale dzira limodzi lobisala m'katundu wa sitima, ndi lokwanira kuyambitsa mtundu, nalimatayu wafalikira mpaka ku Central ndi South America. Ku Vietnam, katswiri Ngo Van Tri adadabwa kuona kuti abuluzi ogulitsidwa ngati ndiwo m'malo odyera a m'chigawo cha Ba Ria-Vung Tau adali ofanana onse. Adapezeka kuti ndi mtundu wa akazi okhaokha womwe sayansi idali isadaulembe, ndipo mu 2010 Jesse Grismer ndi Lee Grismer adautcha Leiolepis ngovantrii.

Dziko likamatentha

Chenjezo lomveka kwambiri lachokera kwa akamba a m'nyanja. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2018 adapeza kuti mwa akamba aang'ono oswedwa m'magombe a kumpoto kwa Great Barrier Reef ku Australia, oposa 99 pa 100 aliwonse adali aakazi. Kwa abuluzi nkhani ndi yopota pang'ono. Popeza ambiri amatulutsa akazi kumbali zonse ndi amuna pakati, chisa chozizira chikatentha pang'ono chimachulutsa amuna, chikatentha kwambiri chimabwerera kwa akazi, ndipo kupitirira apo mazira amafa. Mtundu wonga buluzi wandevu ukhoza kutaya W yake m'madera otentha n'kutsala wodalira kutentha pa nthawi yomwe kutenthako kwayamba kusadalirika. Abuluzi a m'nkhalango za madera otentha ali ndi vuto lina: adazolowera kutentha kosasintha kwambiri chaka chonse. Raymond Huey ndi anzake, pogwiritsa ntchito zomwe zidapezeka ku Puerto Rico ndi madera ena a kumeneko, adalemba mu 2009 kuti ena mwa abuluzi a m'nkhalangowa akukhala kale pafupi ndi malire a kutentha komwe matupi awo amagwira bwino ntchito.

Buluzi wamkazi ali ndi chida chimodzi chodzitetezera, chomwe ndi kusankha pokumba. Sean Doody ndi anzake adatsatira buluzi wa m'mitsinje ya kum'mawa kwa Australia, wodalira kutentha, kuyambira kumpoto kotentha mpaka kummwera kozizira, ndipo mu 2006 adalemba kuti amayi a kozizira amakumba poyera pomwe a kotentha amakumba pansi pa mitengo, moti kutentha kwa m'zisa sikusiyana kwambiri ngati kwa mpweya. Kusankhako kumatheka pokhapokha pali mthunzi. Pamalo pomwe mitengo ya m'mbali mwa mtsinje yadulidwa, dothi lonse limakhala pamtetete, ndipo kulikonse komwe mayi angakumbe n'kotentha chimodzimodzi.